Kakonzedwe ka Minda Yokongoletsa Malo Akuluakulu M'mbali mwa Nyanja ku Mangochi

Munda wokongoletsa malo ndi gawo la esiteti, hotela, mishoni kapena nyumba yaikulu limene mwini wake walipatula kuti likhale la mitengo ya mthunzi, maluwa, kapinga, zipatso ndi tinjira toyendamo anthu. Umasiyana ndi munda wa chimanga kapena dimba la ndiwo zamasamba chifukwa phindu lake siliwerengedwa ndi matumba a zokolola, ngakhale kuti munda wokonzedwa mwanzeru umakhalanso ndi chigawo cha zakudya. M'boma la Mangochi minda yotereyi yandanda kwambiri m'mbali mwa msewu wochoka pa boma kupita ku Monkey Bay, mtunda wa makilomita oposa 60, kumene kuli malo ogona alendo monga Nkopola ndi Makokola, nyumba zopumulirako za makampani ndi mabanja, komanso nyumba ya boma ya Chikoko Bay. Ina ili kutsidya kwa Shire, cha ku Malindi, ndi ku maesiteti a fodya a kumtunda kwa Namwera.

Nkhaniyi siikhudza eni malo okha. Mlimi amene munda wake wachita malire ndi esiteti, msodzi amene amadutsa pamenepo popita kudoko, mayi woluka mlaza, ndi wamalonda wogulitsa mbande kapena manyowa, onsewa amapindula kapena kuvutika malinga ndi momwe munda waukuluwo wakonzedwera.

Kumene mwambowu unachokera

Anthu a m'mbali mwa nyanja akhala akusamala mitengo ya pabwalo kuyambira kale. Kachere kapena mkuyu wa pabwalo la mfumu, mango a pakhomo ndi nkhalango ya kumanda ndi umboni woti luso losankha mtengo woyenera malo ake silinabwere ndi alendo. Chimene chinabwera ndi amishoni ndi atsamunda ndi munda wojambulidwa papepala, wa mizere yowongoka ndi maluwa ochokera kunja. Amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young ndi Robert Laws, anakhazikika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, koma pofika 1881 anasamukira ku Bandawe, malungo atatenga miyoyo ya anzawo amene manda awo alipobe kumeneko. Ku Blantyre, John Buchanan anafika m'chaka cha 1876 ngati katswiri wa za minda, ndipo m'chaka cha 1878 Jonathan Duncan anabweretsa mbande za khofi kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Ku Zomba, Alexander Whyte, amene anabwera ndi Harry Johnston m'chaka cha 1891, anayamba munda woyeserera zomera pafupi ndi nyumba ya bwanamkubwa, ndipo munda umenewu lero uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1987.

Minda yotchuka ya m'maesiteti inakula kwambiri ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene mvula ndi yochuluka ndipo chiperoni chimanyowetsa nthaka ngakhale m'miyezi yozizira. Munda wozungulira nyumba ya Huntingdon pa esiteti ya Satemwa, imene inayamba m'chaka cha 1923, ndi chitsanzo chodziwika. Vuto lake ndi lakuti ambiri omanga ku nyanja amatengera chithunzi cha minda ya kumapiri kumeneko n'kufuna kuchisamutsira pa mchenga wa ku Mangochi. Maluwa amene amasangalala ku Thyolo amapserera ku Nkopola mwezi wa Okutobala usanathe.

Ku England, m'zaka za m'ma 1700, kunali katswiri wokonza minda ya maesiteti wotchedwa Lancelot Brown, amene anatchuka ndi dzina loti Capability chifukwa ankakonda kuuza eni malo za kuthekera kumene malo awo anali nako kale. Njira yake inali yoyamba wayang'ana chimene malowo akupereka: kutsetsereka kwa nthaka, madzi ndi mitengo ikuluikulu. Inasiyana ndi ya ku Versailles ku France, kumene André Le Nôtre anagonjetsa nthaka ndi mizere yowongoka, ndipo akasupe ake ankafuna madzi ochuluka moti anachita kumangira makina aakulu otunga madzi mu mtsinje wa Seine. Pa njira ziwirizi, yoyenera ku Mangochi ndi yoyambayo, chifukwa kumeneko thanthwe, mlambe ndi nyanja zachita kale mbali yaikulu ya ntchito.

Nyengo ndi nthaka

Boma la Mangochi lili ndi nkhope ziwiri. Chigwa cha m'mbali mwa nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe chili pa mamita osakwana 500 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. N'kotentha, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35 masiku ambiri. Mvula imayamba chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala n'kusiya mu Marichi kapena Epulo, kenaka kumatsatira miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu yopanda dontho. Kumtunda kwa Namwera ndi Katuli, kumene msewu wa ku Chiponde umakwera mapiri, n'kozizirirako, mvula ndi yochulukirapo ndipo dothi lambiri ndi la katondo. Wokonza munda ku Namwera angathe kudzala zomera zambiri zimene zimachita bwino ku Zomba. Wa kugombe alibe mwayi umenewo.

Kugombe kwenikweniko kuli mchenga, umene sumasunga madzi kapena chonde. Kuseri kwa mchengawo, kawirikawiri pamakhala malo otsika a dothi lakuda la makande, lomata m'dzinja ndi long'ambika m'chilimwe, limene limadikha madzi ndi kung'alula maziko a makoma ndi tinjira ta simenti. M'tsinde mwa mapiri a ku Nankumba ndi Nkhudzi muli dothi losaya la miyala. Esiteti imodzi ikhoza kukhala ndi mitundu itatu yonseyi, n'chifukwa chake ntchito yoyamba ndi kukumba maenje oyesera, akuya mita imodzi, m'zigawo zosiyanasiyana za malowo, ndi kutumiza dothi kumalo ofufuzira zaulimi monga Bvumbwe kapena Chitedze kuti likayezedwe. Madzi a m'mijigo ndi m'zitsime za m'madera ena a chigwachi amakhala ndi mchere, ndipo kuthirira ndi madzi otere kwa zaka zingapo kumasiya choyera pamwamba pa nthaka ndi kupha zomera zosalimba. Madziwo ayezedwe pampu isanagulidwe.

Mphepo nayo ili ndi mbali yake. Mwera, umene umawomba kuchokera kummwera chakummawa m'miyezi yozizira, umaumitsa nthaka ndi kuthyola mbande zosachirikizidwa ndi mtengo. Mpoto, wa m'nyengo ya mvula, umabweretsa mafunde aakulu pa magombe oyang'ana kumpoto, ndipo ndi umene umakokolola mchenga kumapeto a kummwera kwa nyanjayi. Asodzi a m'deralo amadziwa mphepozi kuposa katswiri aliyense wochokera ku tawuni, ndipo wojambula mapu a munda amene sanakhale nawo pansi n'kuwafunsa amakhala wataya chidziwitso chaulere.

Nyanja imasuntha malire ake

Chinthu chachikulu chimene womanga m'mbali mwa nyanja ayenera kuchimvetsa ndi chakuti pamene madzi afika lero si pamene adzafike mawa. Chaka chilichonse nyanja ya Malawi imakwera m'nyengo ya mvula, n'kufika pachimake cha mu Epulo kapena Meyi, kenaka n'kutsika mpaka Novembala kapena Disembala. Kuwonjezera pamenepo pali kukwera ndi kutsika kwa zaka zambirimbiri. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanjayi inatsika kwambiri moti madzi ake anasiya kutsikira mu Shire. M'chaka cha 1980 inakwera kufika cha pa mamita 477. M'chaka cha 2024, patangopita chaka chimodzi chichitikire namondwe wa Freddy, inapitirira mamita 476, ndipo madzi analowa m'malo ogona alendo, m'nyumba ndi m'minda ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Mabwalo a kapinga amene anadya ndalama zambiri anasanduka dziwe, makoma a kugombe anagwa, ndipo mitengo yosakonda madzi inauma iri chiimire.

Ena amaganiza kuti mageti a Kamuzu Barrage ku Liwonde, amene anamangidwa m'chaka cha 1965, angathe kutsitsa nyanja nthawi iliyonse. Zimenezi n'zosatheka. Nyanjayi ndi yaikulu kwambiri poyerekeza ndi madzi amene Shire angathe kutulutsa, ndipo madzi ambiri amene imataya amapita m'mwamba ndi dzuwa. Komanso kutsekula mageti mopitirira muyezo kumaika pachiopsezo malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira pamodzi ndi anthu a m'chigwa cha Chikwawa ndi Nsanje. Bungwe la National Water Resources Authority lakhala likukumbutsa anthu kuti zomangamanga za m'mbali mwa nyanjayi zizikhala kumtunda kwa mzere wa mamita 477. Mzere umenewu suwerengedwa ndi mapazi kuchokera pamadzi. Pa gombe lotsetsereka ukhoza kukhala pafupi, koma pa malo athyathyathya umalowa mkati kutali ndithu, ndipo amene angaupeze molondola ndi katswiri woyeza malo.

Mzerewu ukapezeka, munda umagawika wokha pawiri. Kumunsi kwake kusiyidwe zomera zimene zimapirira kumizidwa: bango, gumbwa, udzu wa kugombe, mikuyu ndi migwalangwa. Kukhoza kukhala mipando yonyamulika ndi tinjira ta mchenga, basi. Nyumba, zimbudzi, maenje a zonyansa, mosungira feteleza ndi mankhwala, nazale ndi mitengo ya zipatso zikhale kumtunda.

Za bango n'zofunika kuzifotokoza bwino, pakuti ndi chinthu choyamba chimene eni malo ambiri amalamula kuti chichotsedwe pofuna gombe loyera. Bango limaphwanya mphamvu ya mafunde asanafike pamtunda, mizu yake imagwira nthaka, ndipo m'kati mwake ndi mobisala ana a chambo ndi nsomba zina. Likachotsedwa lonse, gombe limayamba kudyeka, mwini malo amamanga khoma, khomalo limabweza mafunde amene amakumba mchenga wa m'tsinde mwake n'kukadya gombe la mnansi. Chokwanira ndi kutsekula mpata wochepa wosambirapo ndi wokochezapo bwato, n'kusiya bango kumbali zonse ziwiri. Kutapa mchenga wa kugombe kuti ukamangire nyumba kumafulumizitsa kuwonongeka komweku.

Kujambula mapu ndi kugawa malo

Khasu lisanagwire nthaka, malo onse ajambulidwe: malire, kutsetsereka, kumene madzi a mvula amadzera, matanthwe, zulu ndi mtengo uliwonse waukulu. Pa mapu omwewo palembedwe zinthu za anthu ozungulira, monga njira zopita kudoko, potunga madzi, pomwera ziweto, poyanika usipa ndi manda. Midzi yambiri ya kwa Mponda, Nankumba, Makanjira ndi Chimwala inalipo kale mahotela asanabwere, ndipo mpanda wautali wosasiya mpata umachititsa mayi kuyenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu nyanja ali kuiona. Mikangano yambiri ya malo kugombe imayambira pamenepa. Njira yodutsa anthu imene yagwirizanidwa ndi mafumu ndi komiti ya asodzi ya pagombe, n'kulembedwa pa mapu, imateteza mundawo kuposa waya waminga. Manda sasunthidwa kapena kulambulidwa popanda eni ake.

Kagawidwe ka munda kamatsata kuchuluka kwa chisamaliro chimene chigawo chilichonse chimafuna. Pafupi ndi nyumba ndi pamene pamakhala maluwa, kapinga wochepa ndi mthunzi wokhalapo anthu, chifukwa ndi pamene madzi ndi maso zimafika tsiku ndi tsiku. Chapakati pamakhala zipatso, dimba, nazale ndi popangira manyowa. Kunja kwenikweni kumasiyidwa tchire lachilengedwe, nkhalango ya nkhuni ndi milimo, ndi malo a ming'oma ya njuchi, ndipo chisamaliro chake chachikulu ndi kulambula njira zotchinga moto mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse. Pa esiteti ya mahekitala khumi, chigawo chothirira chikhoza kukhala chosakwana hekitala imodzi popanda kuchepetsa kukongola kwa malowo.

Madzi a mvula aganiziridwe msanga, chifukwa madenga ndi misewu ya mkati zimasonkhanitsa madzi amene akapanda kuwongoleredwa amakumba zigwembe. Pa malo otsetsereka pakhale akalozera ndi ngalande zopingasa, ndipo m'mbali mwake mudzalidwe vetiva motalikana masentimita 10 mpaka 15. Ku Nankumba zimenezi n'zofunika kwambiri kaamba ka malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 1984. Nsomba za mbuna zimadya ndere zomera pa miyala ya pansi pa madzi, ndipo dothi lokokoloka likakwirira miyalayo chakudya chake chimatha.

Mitengo

Mtengo wofunika kwambiri m'munda wa ku Mangochi ndi umene waupeza kale. Mlambe waukulu sungagulidwe ku nazale iliyonse, ndipo umene wadulidwa lero sudzabwezeretsedwa m'moyo wa adzukulu a wodulayo. Bwalo la gofu la ku Makokola linatenga dzina lake kuchokera ku mtengo umenewu, chizindikiro choti mlambe ndiwo nkhope ya deralo. Nyumba ndi misewu zizilambalala mitengo yotere, ndipo pansi pake, mpaka pamene nthambi zalekezera, pasakumbidwe ngalande, pasathiridwe simenti, pasaimikidwe magalimoto olemera. Mlambe sufuna kuthiriridwa m'chilimwe, nthawi imene umakhala wopanda masamba. Kuuzinga ndi kapinga wonyowa chaka chonse ndi kuuvutitsa.

Pa mitengo yodzala, yachilengedwe ya m'chigwachi ndiyo yodalirika. Bwemba limakula pang'onopang'ono koma limapereka mthunzi wandiweyani ndi zipatso zogulitsika. Msikidzi sugwetsa masamba onse m'chilimwe, choncho ndi wabwino pabwalo lokhalapo anthu. Mbawa imafuna malo a chinyontho monga m'mbali mwa mitsinje. Mtondo, mfula ndi masau zimapirira chilala. Mvunguti ndi wokongola, koma zipatso zake ndi zolemera, ndipo sudzalidwa poimika magalimoto kapena posewera ana. Mkuyu ndi kachere zikhale kutali ndi nyumba, mapaipi ndi maenje a zimbudzi chifukwa mizu yake imafunafuna madzi mwamphamvu. Nsangu uli ndi khalidwe losiyana ndi mitengo ina: umagwetsa masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, motero umapereka mthunzi nthawi ya dzuwa, n'kusiya mbewu za pansi pake zilandire kuwala ndi chonde nthawi ya mvula. Podzala m'munda wa mbewu umatalikana mamita 10 mbali zonse. Migwalangwa ndi mivumo imapatsa gombe maonekedwe ake, ndipo mwini esiteti amene amalola oluka kudula mlaza mwadongosolo amasunga mitengoyo pamodzi ndi ubale.

Mitengo yakunja ili ndi malo ake. Nimu ndi kesha zimakula msanga ndipo zimatchinga mphepo, ngakhale nimu amadzifesa yekha kwambiri ndipo amafuna kuzulidwa pamene sakufunika. Flamboyant, wochokera ku Madagascar, amachita maluwa ofiira cha mu Novembala. Bougainvillea, frangipani ndi hibiscus zimakonda kutentha, ndipo bougainvillea amachita maluwa ambiri akamanidwa madzi pang'ono. Bulugamu asadzalidwe pafupi ndi zitsime, madambo kapena minda ya anansi. Pa zipatso, mango, mandimu, mapapaya, nthochi, magwafa, mbibu ndi kokonati zimachita bwino m'chigwachi. Mango okwatitsa monga Tommy Atkins, Kent ndi Keitt amayamba kubereka patapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo Keitt amapsa mochedwa, pamene mango a makolo atha pamsika ndipo mtengo wakwera.

Dzenje lodzalamo mtengo likhale la masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake, dothi la pamwamba lisakanizidwe ndi manyowa owolerana bwino n'kubwezeredwa pansi. Pa makande mbande idzalidwe pa kamchumbu kuti mizu isamire. Chiswe chimagwira kwambiri mbande zofooka ndi zaludzu, makamaka za mitengo yakunja. Kuphimbira ndi udzu wouma kumasunga chinyontho, koma udzuwo usakhudze tsinde.

Kapinga ndi madzi

Palibe chigawo cha munda chimene chimadya madzi, mafuta ndi thukuta ngati bwalo la kapinga. Masamu ake ndi osavuta. Milimita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mbali zonse ndi lita imodzi. Ngati kapinga akufuna mamilimita 5 patsiku m'nyengo yotentha, hekitala imodzi ikufuna malita 50,000 tsiku lililonse, amene ndi ndowa 2,500 za malita 20. Madzi amenewa angathe kukwanira mudzi wathunthu. Koma denga la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, pa chaka cha mvula ya mamilimita 800, limagwetsa malita pafupifupi 160,000, amene pa hekitala ya kapinga angathe m'masiku atatu okha, pomwe pa mitengo ya zipatso ndi dimba lothirira modontheza angathandize kwa miyezi. Apa m'pamene mwini malo ayenera kusankha.

Kapinga wa makolo, amene amamera yekha m'madambo ndi m'mabwalo a mpira, amauma m'chilimwe n'kuphukanso mvula yoyamba ikagwa. Kufiira kwa udzu mu Seputembala si matenda. Kumene kukufunika kubiriwira chaka chonse kukhale kochepa, kuthiriridwe m'mamawa kapena madzulo, ndipo udzu usametedwe mofupikitsa kwambiri nthawi ya dzuwa. Pampu za sola zachepetsa mtengo wotungira madzi, koma kutunga madzi ochuluka m'nyanja, mu mtsinje kapena pansi pa nthaka kumafuna chilolezo malinga ndi lamulo la za madzi la m'chaka cha 2013. Feteleza wothira pa kapinga wa kugombe amatsika msanga mumchenga n'kukathera m'nyanja, kumene amachulukitsa ndere. Manyowa a kompositi, opangidwa ndi masamba osesedwa pabwalo m'malo mowatentha, ndiwo oyenera nthaka yamchenga chifukwa amaithandizanso kusunga madzi.

Zomera, nyama ndi matenda ofuna kusamala nazo

Zina mwa zomera zimene zikuvutitsa dziko lino zinafalikira kudzera m'minda ya maluwa. Namasupuni, amene kwawo ndi ku South America, anatengedwera m'maiko ambiri kaamba ka duwa lake lokongola, koma lero amatseka Shire, amalepheretsa asodzi ndipo amasokoneza makina a magetsi. Lantana nayo inabwera ngati duwa la mpanda, ndipo tsopano yadzaza m'tchire ndi m'malo odyetsera ziweto, kumene imadwalitsa ng'ombe. Zomera zimenezi zisadzalidwe m'damu kapena m'mpanda uliwonse. Mbewu ndi mbande zochokera kunja kwa dziko, ngakhale zodzera pa chipata cha Chiponde kuchokera ku Mozambique, zimafuna chilolezo ndi chiphaso chotsimikiza kuti zilibe matenda. Chimodzimodzi nsomba zachilendo siziloledwa kuikidwa m'madamu okongoletsa opanda chilolezo cha nthambi ya za usodzi, pakuti madzi akasefukira damu ndi nyanja zimakhala chimodzi. Nkhadze ndi mpanda wolimba, koma utomoni wake umawononga maso, ndipo oleander ndi wa poizoni kwa ana ndi ziweto.

Damu la madzi osayenda ndi moswerana udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo, matenda amene ndi ofala kale m'midzi ya kugombe. Mvuu zimatuluka usiku kudzadya udzu waufupi, ndipo kapinga wothirira m'chilimwe amaziitana. Ngalande yakuya ya khoma loongoka mbali imodzi, yofanana ndi imene maesiteti a ku England ankakumba potchinga ziweto popanda kuphimba maonekedwe a malo, imathandiza kuziletsa, koma njira zawo zakale zotulukira m'madzi zisatsekedwe, kuopa kuti zingapatukire m'minda ya anthu. Ng'ona zimapezeka kwambiri cha ku Shire ndi Malombe. Anyani ndi apusi amaba zipatso, ndipo kuwadyetsa kumawazoloweza kulowa m'nyumba. Nyama ikavuta, nkhani ipite ku nthambi ya za nyama zakutchire.

Malamulo ndi zilolezo

Malo ambiri a kugombe ndi a makolo, ndipo kuwasandutsa a lizi kumatsata malamulo a za malo a m'chaka cha 2016, amene anakonzedwanso m'chaka cha 2022. Mapulani a zomangamanga amavomerezedwa kudzera ku khonsolo. Ntchito zikuluzikulu, makamaka za pafupi ndi nyanja kapena malo otetezedwa, zimafuna kafukufuku wa momwe zingakhudzire chilengedwe ndi anthu, pansi pa lamulo la za chilengedwe la m'chaka cha 2017, limene limayendetsedwa ndi bungwe la Malawi Environment Protection Authority. Kudula mitengo yachilengedwe ndi kuotcha makala kumayang'aniridwa ndi lamulo la za nkhalango la m'chaka cha 1997, limene zilango zake zinakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, ndipo kuzula mbande kapena kutapa miyala m'nkhalango zotetezedwa monga Namizimu ndi Phirilongwe popanda chilolezo ndi mlandu. Mankhwala ophera tizilombo agulidwe kwa ogulitsa ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board, ndipo zopoperazo zisatsukidwe m'nyanja.

Nazale, malonda ndi kayendedwe ka chaka

Munda waukulu sumalizidwa chaka chimodzi. Chaka choyamba ndi cha mapu, ngalande, madzi, mitengo yotchinga mphepo ndi ya mthunzi. Zipatso ndi mipanda yamoyo zimatsatira, ndipo maluwa ndi kapinga zimabwera pomaliza, omanga nyumba atachoka ndi magalimoto awo. Amene amayamba ndi maluwa amawadzala kawiri.

Alimi ndi amalonda a m'deralo ali ndi msika pamenepa. Esiteti imafuna mbande zambirimbiri, manyowa a khola, vetiva, nsungwi, udzu wofolera, miphika ya maluwa ndi ndiwo zamasamba za kukhitchini ya alendo. Magulu a m'midzi amene ali ndi nazale za mitengo yachilengedwe ali ndi mwayi woposa ogulitsa ochokera ku Blantyre kapena Lilongwe, chifukwa mbande zoleredwa m'nyengo yotentha ya komweko zimagwira msanga. Wogula ayang'ane mizu: mbande imene yakhalitsa m'chubu mizu yake n'kupotana siidzakula bwino ngakhale ikuoneka yaitali. Pa mango ndi malalanje okwatitsa, chipsera cha pokwatitsira chioneke, ndipo wogulitsa atchule mtundu wake.

Njere za mitengo yachilengedwe zimatoledwa zikakhwima pamtengo, zambiri mwa izo m'chilimwe, kapena kugulidwa ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba. Za chikopa cholimba monga za nsangu ndi mlambe zimayamba zapalidwa pang'ono kapena kuviikidwa m'madzi otentha kuti zimere msanga. Kufesa m'machubu kumachitika kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, maenje amakumbidwa mvula isanayambe, ndipo masabata awiri kapena atatu omaliza mbande zimachepetsedwa madzi ndi mthunzi kuti zizolowere dzuwa. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma m'chigwa cha Mangochi, kumene mvula imasiya msanga, mbande zodzalidwa pofika kumapeto kwa Januwale ndizo zimakhala zitazika mizu mokwanira chilimwe chisanafike. Zimene zafa zibwezeretsedwe m'nyengo yomweyo ya mvula, ndipo zotsalazo zithiriridwe ndowa imodzi kapena ziwiri pa sabata m'chilimwe choyamba ndi chachiwiri. Alangizi a zaulimi ndi a za nkhalango amapezeka ku maofesi a zigawo zaulimi monga Nasenga, Mbwadzulu, Nankumba ndi Lungwena, komanso ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma la Mangochi.